Olivia Colman anatani kuti anthu omuzolowera pa nthabwala amukhulupirire pa nkhani zachisoni?

Funso: Ndine mtsikana wa ku Zomba ndipo ndili m'gulu la zisudzo. Nthawi zonse amandipatsa mbali zoseketsa, ndipo ndikapempha mbali ya nkhani yolemera amandiuza kuti anthu akangondiona pa nsanja adzayamba kuseka. Posachedwapa ndinaonera The Crown, ndipo mnzanga anandiuza kuti mayi amene anasewera ngati Mfumukazi Elizabeth mu sizoni yachitatu ndi yachinayi, a Olivia Colman, anayambira ku masewero a nthabwala. Kodi n'zoona? Ngati n'zoona, anatani kuti anthu ayambe kuwakhulupirira pa nkhani zachisoni?

Yankho: Mnzanuyo sananame, achemwali. Kwa zaka zoposa 10 kuyambira mu 2000, anthu a ku Britain ankawadziwa a Olivia Colman ngati mayi wa m'masewero oseketsa a pa wailesi ya kanema, ndipo ngakhale m'masewerowo sanali iwo mwininkhani, koma munthu woima pambali pa amuna amene nthabwala zambiri zinkalembedwera iwo. Komabe pali mbali ina ya funso lanu imene sindikugwirizana nayo. Mwafunsa ngati kuti linafika tsiku limene a Colman anataya luso lina n'kutola lina. Ine ndikaonera ntchito yawo kuyambira pachiyambi, kusintha koteroko sindikuona. Zimene ankachita poseketsa anthu ndi zomwezo zimene anadzachita powaliza. Chimene chinasintha ndi maganizo a anthu amene amagawa mbali m'masewero, ndipo maganizo amenewo anachedwa kwambiri kusintha.

Iwo anabadwira mumzinda wa Norwich, kum'mawa kwa England, pa 30 Januwale 1974, ndipo dzina lawo lobadwa nalo ndi Sarah Caroline Colman. Mayi awo anali namwino ndipo bambo awo anali katswiri woyeza malo ndi nyumba. Dzina lakuti Olivia linabwera chifukwa cha lamulo la Equity, bungwe la anthu a zisudzo ku Britain, limene sililola anthu awiri kugwira ntchito ndi dzina limodzi, ndipo la Sarah Colman linali litatengedwa kale. Atamaliza sekondale anapita ku Homerton College, ku Cambridge, kukaphunzira uphunzitsi wa kupulayimale, koma m'kalasimo sanakhalitsemo. Chimene anapindula ku Cambridge ndi Footlights, gulu la zisudzo la ophunzira limene linayamba mu 1883, komwe anadutsanso anthu ngati John Cleese, Emma Thompson, Stephen Fry ndi Hugh Laurie. Kumeneko anakumana ndi anyamata awiri, David Mitchell ndi Robert Webb, amene pambuyo pake anadzakhala osasiyana pa nthabwala monga mmene kwathu kuno tinkawadziwira Izeki ndi Jakobo. Ku Cambridge komweko anakumananso ndi Ed Sinclair, amene anadzakwatirana naye mu 2001.

Kuchoka apo anakaphunzira zisudzo ku Bristol Old Vic Theatre School, ndipo anamaliza mu 1999. Mfundo imeneyi musailumphe. A Colman sanakhalepo munthu woima yekha pa nsanja n'kumaponya nthabwala zopeka yekha. Anaphunzira ntchito yosewera moyo wa munthu wina, ndipo ku nthabwala anapitako chifukwa anzawo amene ankawakumbukira pa ntchito anali a nthabwala. Zaka zoyambirira zinali zowawa. Ankagwira maganyu olemba pa makina m'maofesi ndi okolopa, ndipo za kukolopazo anadzazitchula okha pa tsiku limene ankalandira Oscar, mphoto yaikulu ya mafilimu ya ku America. Ntchito yawo yoyamba yodziwika pa kanema inali Bruiser, pulogalamu ya timasewero tifupitifupi toseketsa imene BBC inaonetsa mu 2000, momwe munalinso Mitchell, Webb ndi Martin Freeman. Kenaka kunabwera timbali ting'onoting'ono m'masewero ngati The Office ndi Black Books, mauthenga otsatsa malonda, ndiponso Green Wing, sewero la nthabwala za m'chipatala limene wailesi ya kanema ya Channel 4 inaonetsa pakati pa 2004 ndi 2006, momwe ankasewera ngati mayi wa muofesi wotopa ndi ana, wosokonezeka tsiku lililonse.

Sewero limene linawapanga kwenikweni ndi Peep Show, lolembedwa ndi Jesse Armstrong ndi Sam Bain, limene linayenda pa Channel 4 kuyambira 2003 mpaka 2015, masizoni 9 ndi magawo 54. Nkhani yake ndi ya amuna awiri okhala m'nyumba imodzi ku Croydon, kum'mwera kwa London: Mark, wa muofesi ya ngongole, wamantha ndi wodzikayikira, ndi Jeremy, lova wodzitcha woimba. A Colman anali Sophie, mnzake wa Mark wa kuntchito amene Mark ankamufuna. Kajambulidwe ka seweroli ndi kachilendo, ndipo ndikufuna mukamvetse bwino chifukwa yankho la funso lanu layambira pamenepa. Kamera imakhala ngati maso a munthu mmodzi wa m'sewerolo, choncho amene akuyankhula naye amayang'ana mwachindunji m'galasi la kamera, osati pa nkhope ya mnzake. Kuwonjezera apo, oonera amamva maganizo a mumtima mwa Mark ndi Jeremy, koma a Sophie samveka. Tanthauzo lake ndi lakuti kwa zaka zambiri a Colman ankayenera kuonetsa zonse zimene Sophie akuganiza pa nkhope pokha, kamera ili pafupi kwambiri, popanda mawu a mumtima owathandiza, komanso nthawi zambiri popanda maso a munthu woti ayang'anizane naye. Amuna aja ankanena nthabwala, iwo ankazilandira. Ntchito yawo inali kumva, kukhumudwa, kubisa kukhumudwako ndi kumwetulira, kenaka n'kulola kumwetulirako kuzilala pang'onopang'ono.

Chitsanzo chabwino ndi gawo lomaliza la sizoni yachinayi, la mu 2007, pamene Mark ndi Sophie akukwatirana. Mark sakufunanso ukwatiwo koma akuopa kunena, mpaka akukabisala m'tchalitchi momwemo. Atamupeza, mwambo ukupitirira, ndipo Sophie akulira. Oonera amaseka chifukwa cha uchitsiru wa Mark, koma kulira kwa Sophie si kwa masewera ayi. A Colman sanakukometsere kuti kukhale koseketsa, analira ngati mkazi amene wazindikira, atavala kale diresi loyera, kuti mwamuna amene waima pambali pake sakumufuna. Chifukwa kulirako n'koona, nthabwalayo imaluma kwambiri. Aliyense amene anaonera gawo limenelo ndi maso a ntchito akanadziwa kuti mayiyu angathe kunyamula nkhani yolemera, koma anthu ogawa mbali kawirikawiri amayang'ana mtundu wa sewero limene munthu wachokera, osati zimene munthuyo wachita m'katimo.

Pa nthawi yomweyo a Colman ankasewera mu That Mitchell and Webb Look, pulogalamu ya timasewero toseketsa ya pa BBC imene inayamba mu 2006. Atachita masizoni awiri anachokamo, potsatira malangizo a wowafunira ntchito amene anawachenjeza kuti dzina lawo likumatirira kwambiri ku maina a amuna awiriwo. Kunali kusiya ndalama yodalirika ndi anzawo apamtima popanda lonjezo la ntchito ina, ndipo iwo anenapo kuti chisankhocho chinawaliza. Ndikuona kuti malangizowo anali olondola, ngakhale kuti pawokha sakanakwanira. Munthu angathe kuchoka pa malo amene amuzolowera, koma pamafunikabe wina woti amutsegulire khomo kwinako.

Anawatsegulira ndi Paddy Considine, katswiri mnzawo wa zisudzo amene anakumana naye pojambula Hot Fuzz, filimu yoseketsa ya mu 2007 momwe a Colman anali wapolisi wapakamwa potukwana. Considine ankafuna kuyamba kulemba ndi kutsogolera mafilimu akeake, ndipo anawapatsa mbali mu kafilimu kafupi kotchedwa Dog Altogether, kamene kanapata mphoto ya BAFTA, bungwe lopereka mphoto za mafilimu ndi za wailesi ya kanema ku Britain. Kafilimu kameneka ndi kamene kanakula n'kukhala Tyrannosaur mu 2011. A Colman anasewera ngati Hannah, mayi wopemphera wogwira ntchito m'sitolo ya kaunjika ya bungwe lachifundo. Tsiku lina mwamuna wina wachidakwa ndi wandewu, Joseph, amene anasewera ndi Peter Mullan, akuthawira m'sitolomo n'kubisala kuseri kwa zovala, ndipo Hannah akumupempherera. Poyamba woonera amaganiza kuti Hannah ndiye wamoyo wabwino amene adzapulumutse chidakwacho, mpaka filimuyo itamutengera kunyumba kwa Hannah, komwe mwamuna wake, amene anasewera ndi Eddie Marsan, amamuchitira nkhanza zosaneneka.

Chimene chimachititsa filimu imeneyi kukhala yovuta kuiwala si zithunzi za nkhanzazo, koma nkhope ya Hannah m'mawa mwake, ali m'sitolo, akumwetulira ndi diso lotupa n'kumanamizira kuti anagwa. Kumwetulira kumeneko ndi komwe kuja kwa Sophie, kwa munthu amene akufuna kuti aliyense m'chipindamo akhale pa mtendere ngakhale iye mwini akupsa. Considine sanawapemphe kuti abise kufatsa ndi nsangala zimene anthu ankawakondera, anazigwiritsa ntchito ngati chovala chimene Hannah amadzibisira. Filimuyo inawapatsa a Colman mphoto yapadera ku chikondwerero cha mafilimu cha Sundance, limodzi ndi Mullan, komanso mphoto ya British Independent Film Awards. Koma pamene BAFTA inatulutsa maina a opikisana pa mafilimu kumayambiriro kwa 2012, dzina lawo munalibe, ndipo olemba nkhani za mafilimu ambiri anadandaula poyera. Izi zikusonyeza kuti ngakhale umboni utaoneka, mabungwe akuluakulu sanatembenuke msanga. Mu 2011 muja anaseweranso ngati Carol Thatcher, mwana wa nduna yaikulu Margaret Thatcher, mu The Iron Lady, ndipo Meryl Streep, amene anasewera ngati Margaret Thatcher, anawayamikira pagulu polandira mphoto yake.

Chimene anthu ambiri amachiiwala n'chakuti a Colman sanatseke khomo la nthabwala atalowa ku nkhani zolemera. Kuyambira 2010 mpaka 2014 anali mu Rev., ngati loya wokwatiwa ndi wansembe wa mpingo wa Anglican wa m'dera losauka la London, amene anasewera ndi Tom Hollander. Mu 2011 ndi 2012 anali mu Twenty Twelve, sewero loseka komiti yongopeka yokonzekera masewera a Olympics a ku London, momwe anali Sally, sekilitale wokonda bwana wake mwakachetechete. Sally ali ndi mawu ochepa kwambiri, ndipo chikondi chake chonse chimaonekera pa mmene amaperekera chakudya cha masana ndi mmene amayang'anira pansi. Chaka cha 2012 chomwecho anaonekera mu gawo limodzi la Accused, lolembedwa ndi Jimmy McGovern, ngati mayi amene mwana wake wawomberedwa pa nkhani za magulu a zigawenga. Mu Meyi 2013, pa mwambo umodzi wa mphoto za BAFTA za wailesi ya kanema, analandira mphoto ziwiri usiku womwewo: ya mayi wopambana pa nthabwala chifukwa cha Twenty Twelve, ndi ya mayi wopambana pa mbali yothandizira chifukwa cha Accused. Mukaonera mbali ziwirizo motsatizana mudzaona kuti zida zake ndi zimodzi: kukhala chete, kumvetsera, ndi kudziwa kachigawo ka sekondi koyenera kutembenuzira maso.

Nthabwala ndi mphunzitsi wankhanza pa nkhani ya nthawi. Mukachedwa kapena kufulumira pang'ono chabe, anthu saseka, ndipo mumadziwa pomwepo kuti mwaphonya. Pa sewero lachisoni oonera amakhala chete kaya mwachita bwino kaya mwalephera, choncho munthu angathe kutha zaka akudzinamiza. Wochokera ku nthabwala amafika atasulidwa kale pa zinthu ziwiri: amadziwa kuwerenga nthawi, ndipo saopa kuoneka wonyansa kapena wopusa. Chachiwirichi n'chofunika kwambiri, pakuti chisoni chenicheni sichikongola. Munthu wolira zenizeni amatuluka mamina, nkhope imakwinyika, mawu amathawa, ndipo wosewera amene akuganizira za kaonekedwe kake sangafike pamenepo.

Broadchurch, imene wailesi ya kanema ya ITV inayamba kuonetsa mu 2013, ndi imene inawafikitsa m'nyumba iliyonse ya ku Britain. Wolemba wake, Chris Chibnall, anaika nkhaniyo m'tauni yaing'ono ya m'mphepete mwa nyanja m'chigawo cha Dorset, komwe mtembo wa mnyamata wa zaka 11, Danny Latimer, ukupezeka pa mchenga kunsi kwa phompho. A Colman anali Ellie Miller, wapolisi wofufuza milandu wa m'tauni momwemo, amene akubwerera kuntchito akuyembekezera kukwezedwa n'kupeza udindowo waperekedwa kwa mlendo wosachezeka, Alec Hardy, amene anasewera ndi David Tennant. Ellie amalidziwa banja lofedwalo, ndipo mwana wake ndi mnzake wa malemuyo. M'magawo 8 a sizoni yoyamba, amene ankaonedwa ndi anthu oposa 9 miliyoni, muli kuseka kochuluka kuposa mmene munthu angayembekezere pa nkhani ya imfa ya mwana, ndipo kwambiri kumachokera pa kukangana kwa Ellie ndi bwana wakeyo, iye akuyesetsa kumuphunzitsa ulemu wamba ngati kulandira chakudya kapena kupereka moni. Kusekako si kokongoletsa chabe. Woonera akaseka limodzi ndi munthu kwa milungu 7, amayamba kumutenga ngati m'bale wake, ndipo m'gawo lomaliza, pamene Ellie akuuzidwa dzina la wakupha uja, ululu wake umagwera woonerayo mwachindunji. Dzinalo sinditchula kuti ndisakuonongereni, koma onetsetsani mmene thupi lonse la a Colman likukanira uthengawo, mpaka kufuna kusanza, mawu asanatuluke. Mbali imeneyi inawapatsa BAFTA ina mu 2014.

Pali kanthu kena ka Broadchurch kamene kakuyankha funso lanu mbali ina. Mu 2014 kampani ya Fox ya ku America inajambulanso nkhani yomweyo ndi dzina lakuti Gracepoint. David Tennant anamutenga, koma mbali ya Ellie inaperekedwa kwa Anna Gunn, amene oonera a ku America ankamudziwa kale. Sewerolo linatha ndi sizoni imodzi yokha.

Tisaiwalenso kuti kayendetsedwe ka wailesi za kanema za ku Britain kanawathandiza. Sizoni ya sewero loseketsa kumeneko imakhala kawirikawiri ndi magawo 6 a theka la ola, choncho wosewera amamaliza ntchitoyo m'milungu yowerengeka n'kukhala ndi mpata wokachita zina chaka chomwecho. Pa wailesi zikuluzikulu za ku America, kumene sizoni inkafika magawo 22 kapena kuposa, munthu ankamangika pa mbali imodzi kwa zaka. Njira imene a Colman anadutsa inali itapondedwaponso ndi amayi ena. Judi Dench, wodziwika ndi masewero a Shakespeare, anakhala mu sewero loseketsa la As Time Goes By kuyambira 1992 mpaka 2005. Julie Walters anakulira pa nthabwala za Victoria Wood koma anapata mphoto zambiri pa nkhani zolemera. Patricia Routledge, amene dziko lonse limamukumbukira ngati Hyacinth wodzikweza wa mu Keeping Up Appearances, anali atasewera kale mbali za amayi osungulumwa zolembedwa ndi Alan Bennett. Pauline Quirke, wa m'sewero loseketsa la Birds of a Feather, anadabwitsa anthu mu 1996 posewera ngati mkaidi wa mlandu wakupha mu The Sculptress, ndipo analinso mu Broadchurch momwemo. Aliyense wa iwo atadutsa, anthu ankadabwa ngati kuti n'koyamba.

Kuyambira 2016 ntchito zinayamba kuwafunafuna okha. Mu The Night Manager, yochokera m'buku la John le Carré, mbali ya mkulu wa akazitape inali ya mwamuna m'bukumo, koma anaisintha kukhala Angela Burr, ndipo popeza a Colman anali oyembekezera pa nthawi yojambula, pakatipo analowa m'nkhani. Mbali imeneyi inawapatsa mphoto ya ku America ya Golden Globe mu 2017. Chaka cha 2016 chomwecho anayamba Fleabag ya Phoebe Waller-Bridge, momwe anali mayi wopeza wamawu okoma koma wamtima wa njoka, ndipo apa kumwetulira kuja kunasanduka chida chobayira. Anayambanso Flowers ya Will Sharpe, sewero loseketsa lokamba za matenda a maganizo m'banja, limene kwa ine ndi limodzi mwa ntchito zawo zabwino kwambiri ngakhale silitchulidwa kawirikawiri.

Mphoto yaikulu koposa inabwera ndi The Favourite ya mu 2018, yotsogoleredwa ndi Yorgos Lanthimos wa ku Greece, amene anali atagwira nawo kale ntchito mu The Lobster. Anasewera ngati Mfumukazi Anne, amene analamulira kuyambira 1702 mpaka 1714, mayi wodwala nyamakazi amene anatenga pakati ka 17 koma osatsala ndi mwana ngakhale mmodzi. M'filimumo amayi awiri, oseweredwa ndi Rachel Weisz ndi Emma Stone, akulimbirana mtima wake ndi mphamvu zake. Anne wa a Colman ndi wonyanyala ngati khanda, wokalipa popanda chifukwa, wodya mpaka kusanza, ndipo woonera amamuseka, kenaka kamera imaima pa nkhope yake pamene akuonerera anthu akuvina iye ali pa mpando wa odwala, ndipo kusekako kumathera pakhosi. Anapata mphoto ku chikondwerero cha Venice, ya Golden Globe, ya BAFTA, ndipo pa 24 Febuluwale 2019 analandira Oscar, ali ndi zaka 45, kuposa Glenn Close amene ambiri ankati ndiye atenge. Zindikirani kuti Golden Globe ija anaipata m'gulu la mafilimu oseketsa. Ulemu waukulu wa ntchito yawo sunabwere chifukwa chothawa nthabwala, unabwera pa mbali imene nthabwala ndi chisoni zinali zosalekanitsika.

Tsopano za The Crown imene mwaonera. A Colman analowa m'malo mwa Claire Foy pa sizoni ya 2019 ndi ya 2020, zimene zikukamba za zaka za pakati pa 1964 ndi 1990, kuphatikizapo kusagwirizana kwa mfumukazi ndi Margaret Thatcher pa nkhani yokhaulitsa boma la tsankho la ku South Africa. Mbaliyo inawapatsa Golden Globe mu 2020 ndi Emmy, mphoto ya masewero a pa wailesi ya kanema ku America, mu 2021, koma kunena zoona, sindiiwerengera pa ntchito zawo zapamwamba. Elizabeth wa m'sewerolo ndi munthu wophunzitsidwa kusaonetsa chilichonse pa nkhope, pamene mphamvu ya a Colman ili pa nkhope imene sibisa kanthu. Iwo eni anafotokozapo kuti misozi imawatuluka msanga, moti pojambula mbali zina zachisoni ankawaika kachipangizo m'khutu kowamvetsera zanyengo za apanyanja za pa wailesi ya BBC, kuti maganizo achoke pa zimene mnzawo akunena. Gawo limene kulimbana kumeneku kunabala zipatso ndi la Aberfan, mudzi wa ku Wales komwe pa 21 Okutobala 1966 mulu wa zinyalala za mumgodi wa malasha unagumukira sukulu n'kupha anthu 144, mwa iwo ana 116, ndipo mfumukazi inadikira masiku 8 isanapiteko. Pamenepo nkhani yake ndi ya munthu wolephera kulira, ndipo kudziletsa kwa woseweerayo kunagwirizana ndi nkhaniyo. M'magawo ena ambiri ndimaona mayi waluso atamangidwa manja.

Kunena za inu, mantha a anzanu a m'gulu ali ndi kachoonadi kake. Oonera amene anakuzolowerani adzasekadi mukangotulukira, ndipo palibe chimene mungachite kuti kuseka koyambako kusabwere. Cholakwika ndi kuganiza kuti kusekako kwaononga sewero. Nkhani ya a Colman ikusonyeza kuti mbali yoyamba yolemera imene imamuyenera munthu wa nthabwala si ya mayi wolira kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, koma ya munthu wansangala amene nsangala yake ikuphimba bala, monga Hannah ndi Ellie. Oonera amaloledwa kuseka poyamba, ndipo kusekako kumakhala msampha umene wolemba wawatchera. Mbali yotereyi muifunefune, kapena mukambirane ndi amene amalemba masewero m'gulu lanu kuti ailembe, pakuti amene anasintha moyo wa a Colman anali mnzawo wa pa ntchito amene ankalemba, osati bwana wa kampani. Pakadali pano, m'mbali zoseketsa zimene muli nazo, yesani kusiya kuthamangira kuseka kwa anthu. Musatembenukire kwa oonera kuwauza ndi maso kuti apa ndi poseketsa. Munthu amene mukumusewerayo sadziwa kuti ndi woseketsa, kwa iye vuto lake ndi lenileni, ndipo mukamusewera motero, amene ali ndi maso adzaona zimene mungathe. Dziwaninso kuti kuchokera pamene a Colman anamaliza sukulu ya zisudzo kufika pa Tyrannosaur panadutsa zaka 12.

Oscar itabwera, anasankhidwanso kawiri kupikisana pa mphoto yomweyo: chifukwa cha The Father ya mu 2020, momwe anali mwana wosamalira bambo wodwala matenda oiwala, amene anasewera ndi Anthony Hopkins, ndi The Lost Daughter ya mu 2021, ya Maggie Gyllenhaal, momwe anali mphunzitsi wa kuyunivesite amene anasiyapo ana ake ali aang'ono. Yachiwiriyi ndi yofunika chifukwa kwa nthawi yoyamba anakaniratu kukondedwa ndi oonera, ndipo anaonetsa kuti angathe kugwira ntchito popanda kudalira nsangala ija. Si zonse zimene anasankha zinayenda bwino, ndipo m'mafilimu ena akuluakulu a zaka zaposachedwapa amangooneka ngati dzina lokopera anthu. Ngakhale atafika pamenepo, mu 2024 ananena poyera pa wailesi ya CNN kuti akanakhala mwamuna bwenzi akulandira ndalama zambiri kuposa zimene amalandira. Chimene anachita ndi mphamvu zimene anapeza ndicho kukhazikitsa kampani yawoyawo, South of the River Pictures, limodzi ndi amuna awo a Ed Sinclair. Kampaniyi inagwira nawo ntchito yopanga Landscapers mu 2021, yolembedwa ndi a Sinclair, yokamba za banja lenileni la ku England limene linamangidwa pa mlandu wopha makolo a mkaziyo, komanso Wicked Little Letters, filimu yoseketsa ya makalata otukwana amene anasokoneza tauni ya Littlehampton m'zaka za m'ma 1920. M'ntchito ziwirizi a Colman anali kale m'gulu la anthu ogawa mbali, ndipo m'zonse ziwiri anadzisankhira mayi womwetulira amene akubisa chinthu choopsa.